Timer ya pampu ya pamjigo: yankho kwa achimwene a ku Nchalo

Achimwene, mwati pampu yanu ikayenda mphindi 20 mjigo umaphwa, ndiye mukufuna kuti izipuma mphindi 40 yokha isanayambirenso, komanso kuti isamadzuke nthawi yomweyo magetsi a ESCOM akangobwera. Mwafunsa ngati multi-function timer relay yomwe mwaiona m'sitolo ku Limbe ingakwanitse zonsezi. Musanatulutse ndalama, yang'anani kaye ngati ili ndi mabatani awiri a nthawi, chifukwa zambiri za mtunduwu zili ndi limodzi lokha, ndipo limodzi silingakuthandizeni pa vuto loyambalo.

Kachipangizoka ndi switch yowerenga nthawi basi. Kamakolekedwa pa kanjanji ka mamilimita 35 m'bokosi la magetsi. Pa kachipangizoka pali malo olumikizira mawaya olembedwa zilembo ndi manambala: pa A1 ndi A2 ndi polowera magetsi okadyetsa. Kenako pali 15, 16 ndi 18: kakakhala phee, 15 imagwirana ndi 16, kakagunda 15 imasiya 16 n'kugwirana ndi 18. Palinso B1, ena amalemba Y1, pomwe pamabwera chizindikiro chochokera ku batani kapena ku float switch ya m'thanki, switch yoyandama yomwe imagunda madzi akakwera kapena akatsika. Kutsogolo kuli tomwe mumapotokola ndi sikuludiraiva yaing'ono: kena kosankhira ntchito, kena kosankhira ngati mukuwerenga masekondi, mphindi kapena maola, kena koikira nthawi yeniyeniyo.

Ntchito yomwe amisiri timaigwiritsa ntchito kwambiri ndi on-delay. Magetsi akafika pa A1 ndi A2, timer imayamba kuwerenga, nthawi ikakwana ndi pomwe imayatsa. Akathimanso isanamalize, imaiwala n'kudzayambira pa ziro. Kuiwalako ndiye ubwino wake kwa ife kuno, poti magetsi athu amabwera, kuphethira kawiri katatu, n'kupitanso, ndipo mota zambiri zimapsa panthawi imeneyi. Mukaika mphindi zitatu kapena zisanu, pampu imadikira mpaka magetsi atakhazikika.

Off-delay ndi yotembenuza: chizindikiro cha pa B1 chikachoka, imapitiriza kuyatsa kwa nthawi yomwe mwaika kenako n'kuzima, koma pa zambiri A1 ndi A2 ziyenera kukhalabe ndi magetsi nthawi yonseyi. Interval imayatsa pomwepo, nthawi ikakwana n'kuzima osayambiranso, yabwino pothirira bedi la mbande mutadina kamodzi n'kuchokapo. Ziwirizi si zanu lero.

Yanu ndi yozungulira, imene pa pepala amalemba flasher kapena cyclic, kuyatsa, kuzima, kuyatsa, kuzima. Apa ndi pomwe anthu amagula zolakwika. Pa timer ya batani limodzi la nthawi, kuyatsa ndi kupuma kumakhala kofanana: mukaika mphindi 20, iyenda 20 n'kupuma 20, mjigo usanadzaze. Inu funsani ya asymmetric, yokhala ndi T1 ndi T2 padera, kutanthauza batani la nthawi yoyatsa ndi lina la nthawi yopuma. Ndipo sankhani yoyamba ndi kupuma osati kuyatsa. Mukatero mavuto anu onse awiri atha ndi kachipangizo kamodzi, chifukwa magetsi akabwera pampu iyamba yadikira mphindi 40 zija. Ngati kudikira kotereku kukuchulukirani pa tsiku loti magetsi abwera maola ochepa, tengani yoyamba ndi kuyatsa n'kuika on-delay yotchipa patsogolo pake. Ine ndikadatero, makamaka mu Okutobala chimanga cha kudimba chikamafota pofika 10 koloko.

Zilembo za pa batani losankhira ntchito musazikhulupirire pongomva kwa mnzanu. Kampani iliyonse ili ndi zake. Pa Schneider, D ndi yozungulira ija, pomwe pa Omron H3CR, D ndi off-delay. Finder imalemba zilembo ziwiriziwiri monga AI ndi BE. Onani kachithunzi kojambulidwa m'mbali mwa timer yanuyo, ndipo wogulitsa akakupatsani yopanda kapepala kake, isiyeni.

Chinthu china chomwe ndikupempheni: musalumikize pampu mwachindunji pa 15 ndi 18. Pamalembedwa 8 A kapena 16 A, inde, koma mota ikamadzuka imakoka mphamvu kangapo kuposa yomwe yalembedwa pa chikwangwani chake, ndipo timilomo ta m'katimo timasungunuka n'kumatirirana. Zikatero pampu imayenda osaleka, mjigo n'kuphwa, inu muli mtulo. Timer iziyatsa koilo ya contactor (switch yaikulu yomwe imagunda koilo yake ikalandira magetsi), contactor ndiye inyamule pampu, pansi pake pakhale overload, kachipangizo kozimitsa mota ikamakoka magetsi opitirira muyezo, yoikidwa molingana ndi mota yanu. Onetsetsaninso kuti timer ndi koiloyo ndi za 230 V, poti pali zina za 24 V zofanana nazo maonekedwe.

Dziwaninso kuti kachipangizoka sikadziwa kuti kunja kwacha kapena kwada, ndipo sikaona madzi. Mukafuna kuti pampu izidzuka 5 koloko m'mawa tsiku lililonse, imeneyo ndi ntchito ya time switch yokhala ndi wotchi ndi batire. Madzi a pansi akatsika m'chilimwe, mphindi 20 zanu zija zikhoza kusanduka 12, timer osadziwa kanthu. Chotetezera pampu kuti isayende youma komanso float switch ya m'thanki, zonse ziwiri zisasowe pa mzere womwewo wa koilo.

Poyesa, zimitsani magetsi musanapotokole batani la ntchito, chifukwa zambiri zimawerenga zomwe mwasankha panthawi yoyaka pokha. Ikani pa masekondi, 20 ndi 40, pampu mutaichotsa, mumvetsere contactor ikuti kha, kha, muli ndi wotchi ya pafoni m'manja. Zikagwirizana ndiye musunthire pa mphindi.

Bokosi likhale pamthunzi, osati pa khoma loyang'ana dzuwa la masana kapena pansi penipeni pa malata, kutentha kwa kuno kopitirira madigiri 40 kumakalambitsa zipangizo msanga. Likwezeni pamwamba pa pomwe madzi adafika nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, ndipo mabowo olowera mawaya muwatseke bwino, apo ayi nyerere ndi abuluzi adzakhala alendi anu. Ngati pampuyo ndi ya three-phase, itanani mmisiri wokhala ndi chiphaso cha MERA adzakulumikizireni.