Mwana wamkazi ndi dzina la agogo ake a Pádraig

Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwati mukuyembekezera mwana wamkazi ndipo mukufuna atenge dzina la malemu apongozi anu aamuna, a Pádraig, koma anzanu akuti musankhe dzina losavuta kutchula. Mawu akuti "losavuta" amenewo andilasa mumtima.

Nditangofika kuno ku Dublin, likulu la dziko la Ireland, ndinapeza ntchito yosamalira okalamba. Tsiku loyamba abwana anayesa kutchula dzina langa kamodzi kokha, n'kulidula pakati. Pa baji anandilembera zilembo zitatu basi. Dzina limene agogo anandipatsa atandifukata m'manja ndinkalisiya pakhomo ngati nsapato, zaka ziwiri zathunthu.

Anandibwezera dzinalo ndi gogo wina wa ku Galway amene ndinkamupesa tsitsi m'mawa uliwonse. Anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndimutchulire dzina langa lonse, ndipo analibwereza mpaka linakhala pa lilime. Kenaka anandiululira kuti iye ndi Gráinne, koma pamene ankagwira ntchito ku England moyo wake wonse ankamuitana Grace. Ndinalira m'bafa tsiku limenelo. Zimenezi sizinayambe dzulo. Ngakhale Gráinne Mhaol, mayi wolamulira zombo amene anakumana ndi Mfumukazi Elizabeth I mu 1593, Angerezi amamudziwa ngati Grace O'Malley.

N'chifukwa chake ine sindivomereza zoti dzina lichepetsedwe pofuna kusangalatsa lilime la mlendo. Anthu a kuno anavutikira mayina awo. Saoirse, kutanthauza ufulu, linayamba kuperekedwa kwa ana m'zaka za m'ma 1920, dziko likuchoka m'manja mwa Britain. Mayina ena anachita kubwera koma anakhazikika. Siobhán ndi Seán ndi mlongo ndi mlongo wake, onse anachokera ku Jehanne ndi Jehan a Anormani, anthu olankhula Chifalansa amene anafika kuno mu 1169. Chimene chimandigwira mtima kwambiri n'chakuti pa dzina la Maria, mtsikana amatchedwa Máire, koma Muire analisungira amayi ake a Yesu okha. Ndipo mwana wamkazi wa Ó Briain amakhala Ní Bhriain, monga mmene kwathu mwana wamkazi wa a Phiri amakhalira Naphiri.

Tsono dzina lenilenilo

Lilipo: Pádraigín. Kachidutswa ka -ín kamachepetsa dzina mwachikondi ngati "ka" wathu, ndipo kamasandutsanso dzina lachimuna kukhala lachikazi, monga Seosamh ndi Seosaimhín. Pádraig anachokera ku Chilatini Patricius, munthu wa m'banja lolemekezeka. Pa Chingerezi akanati Patricia, koma apongozi anuwo sanali Patrick. Funsani achibale a amuna anu mmene amalitchulira, poti kumadzulo kwa Ireland ena sawomba "d". Polembetsa mwanayo muonetsetse kuti timizere ta pa á ndi í, timene amati fada, talembedwa musanasaine.