Kukapumula kwa makolo ku Dedza

Funso: Ndimajambula zithunzi ku Lilongwe koma nzeru zandithera. Ndikufuna ndikapumule kwa makolo ku Dedza, ndizikayenda m'mapiri. Ndikonzekere bwanji?

Yankho: Auziretu bambo ndi mayi kuti mukubwera kudzapumula. Mukapanda kutero, masiku onse athera kuzonda abale ndi kuthirira kudimba. Tsiku loyamba likhale la malonje, maulendo muyambe mawa lake.

Phiri la Dedza ndi lalitali pafupifupi mamita 2,200. Nyamukani 6 koloko m'mawa, mutenge madzi malita awiri, juzi ndi nsapato zogwira pansi, chifukwa masamba ouma a paini amaterera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chifunga chimaphimba njira mwadzidzidzi, ndiye musapite nokha.

Koma inu wojambula, musalephere kufika ku Chongoni. Kuli malo 127 a zojambula pamiyala, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawazindikira mu 2006 ngati malo ofunika pa dziko lonse. Yambirani ku Chentcherere, amodzi mwa malowa. Zithunzi zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, anthu osaka nyama omwe ankakhala kumeneko kalekale, zoyera ndi Achewa, zambiri zokhudza chinamwali ndi Nyau. Khalani pansi muzikopera ndi pensulo m'kabuku. Chonde musazikhudze kapena kuzithira madzi kuti ziwale, utoto umasupuka.

Mukaona msitu wowirira pafupi ndi mudzi, funsani kaye musanalowe. Nthawi zambiri amakhala manda kapena dambwe.