Funsani Dokotala: Ulendo wa ku Dar, kabuku kachikasu ndi adzukulu ochokera kunja

Adokotala, ndimagulitsa zovala ku Kamwala ndipo mwezi wamawa ndikupita koyamba ku Dar es Salaam kukaoda katundu ku Kariakoo. Anzanga amene amapitapita akuti ndisavutike ndi mankhwala a malungo, amenewo ndi a azungu, ife tinakula nawo. Kwathu ndi ku Katete koma mu Lusaka ndakhalamo zaka 20. Ndinyamule chiyani?
Mayi wa ku Chilenje

Mayi, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Anzanuwo sakunama kwenikweni, koma pali pamene alumpha. Munthu amene udzudzu umamuluma chaka ndi chaka kumudzi, thupi lake limazolowera, moti malungo akabwera samugwetsa kwambiri. Kuzolowera kumeneku kumatha munthu akakhalitsa kumalo kumene malungo ndi ochepa. Lusaka ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo malungo otengera mu mzinda muno ndi ochepa poyerekeza ndi ku Luapula kapena kuchigwa cha Luangwa. Thupi lija la ku Katete munalisiya kalekale. Dar es Salaam ali m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, kotentha usiku ndi usana, ndipo udzudzu wa kumeneko sufunsa kuti munabadwira kuti.

Pitani kuchipatala musananyamuke akakulembereni mankhwala oteteza. Otsika mtengo ndi doxycycline: piritsi limodzi la 100 mg tsiku lililonse, kuyamba tsiku limodzi kapena awiri ulendo usanafike, ndi kupitiriza masabata 4 mutabwerako. Masabata 4 amenewo ndi amene ambiri amasiya, chifukwa katundu wafika ndipo mutu uli pa malonda. Imwani mutadya, ndi kapu yodzaza madzi, ndipo musagone nthawi yomweyo, chifukwa limawotcha pakhosi. Ngati muli ndi pathupi, doxycycline ayi, muwauze adokotala akusankhireni ena. Pali enanso otchedwa atovaquone-proguanil, ambiri amawadziwa kuti Malarone, amene mumangopitiriza masiku 7 mutabwerako, koma mtengo wake ndi wokwera. Neti yanu nyamulani, musadalire ya kunyumba yogona alendo, nthawi zambiri imakhala yobooka.

Koma neti yokha sikwanira, ndipo apa ndi pamene anthu a ku Lusaka amapusitsika. Kumeneko kuli matenda ena otchedwa dengue, amene anavuta kwambiri mu Dar es Salaam mu 2019. Udzudzu wake ndi wina, wakuda wa mawanga oyera m'miyendo, ndipo umaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo, nthawi yomwe inu muli pakati potsitsana mitengo. Dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET m'mikono ndi m'miyendo, ndipo valani zofika m'mapazi ngakhale kukutentha. Dengue imabwera ndi kutentha thupi mwadzidzidzi, mutu wopweteka kuseri kwa maso, ndi mafupa kuphwanya ngati mwamenyedwa. Munthu amangoti ndi malungo, n'kugula Brufen kapena Aspirin pa kantemba. Chonde musatero. Dengue imachepetsa tizigawo ta magazi tothandiza kuti magazi aundane, ndiye mankhwala awiriwa, pamodzi ndi diclofenac, angachititse kuti muyambe kutaya magazi m'kati. Panadol yekha ndi madzi ambiri, kenako kuchipatala. Nthawi yoopsa ndi pamene thupi layamba kuzizira, pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri. Mukaona m'mimba mukupweteka kwambiri, kusanza kosaleka kapena magazi m'nkhama, musadikire kuti kuche.

Za chakudya sindichulutsa, ife a mu Lusaka kolera wa mu 2023 ndi 2024 anatiphunzitsa. Idyani zotentha zochoka pamoto, chipatso musende nokha, madzi akhale a m'botolo lotsekedwa, ndipo zakumwa zothira madzi oundana za m'mbali mwa msewu muzipewe ngakhale ludzu likhale lotani. Ikani mapaketi angapo a ORS m'chikwama. Akasowa, sakanizani lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere.

Komanso msewuwo. Kudzera ku Mpika, Nakonde, Mbeya ndi Morogoro ndi makilomita pafupifupi 2,000. Mangani lamba ngati basi ili naye, ndipo ikaima tsikani muyendeyende. Ena amadzimana madzi poopa kupempha dalaivala kuti aime, koma kukhala malo amodzi maola ambiri thupi lili louma kumachititsa magazi kuundana m'mitsempha ya mwendo. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka pakatumba mutafika, musauthowe, kaonetseni.

Mukabwerako, thupi likatentha ngakhale tsiku limodzi m'miyezi yotsatira, kayezetseni magazi tsiku lomwelo. Malungo amayamba kuonekera patapita masiku 7 kapena kuposerapo chilumidwire, ndiye amapeza munthu ali kale ku Chilenje. Mawu oyamba kuuza anamwino akhale akuti "ndinali ku Dar". Ndaonapo odwala akupatsidwa mankhwala a chimfine kawiri konse chifukwa palibe amene anafunsa za ulendo, nawonso sananene.

Adokotala, akuntchito akunditumiza ku Lubumbashi ndipo akuti pamafunika kabuku kachikasu ka yellow fever. Mnzanga akuti pali anyamata ogulitsa kabuku kodinda kale, osabayitsa. Ndili pa ma ARV ndipo ndikuopa katemerayo. Nditani?
Bambo wa ku Matero

Bambo, kabuku kogula kangakudutsitseni pa Kasumbalesa, koma udzudzu suwerenga chidindo. Yellow fever ilibe mankhwala ochiza. Imawononga chiwindi ndi impso, maso amachita chikasu, ndipo mwa amene yafika nawo poipa ambiri sapulumuka. Kumapeto kwa 2015 inabuka ku Angola n'kuwolokera ku DR Congo mu 2016, ndipo dziko la DR Congo, kumene kuli Lubumbashi, limafuna chiphaso kwa aliyense wolowa wa miyezi 9 kupita m'mwamba.

Mantha anu pa katemerayu ali ndi maziko. M'katemerayu muli kachilombo kamoyo kofooketsedwa, motero saperekedwa kwa munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri. Choyamba kayezetseni CD4, muyeso woonetsa mphamvu ya chitetezo cha thupi. Ikakhala pansi pa 200, musabayitse. Adokotala angakulembereni kalata yofotokoza kuti simungalandire katemerayu pa zifukwa za umoyo, koma ine ndingakonde kuti mupemphe akuntchito ulendowo uyambe waima. Ngati mumamwa ma ARV mokhulupirika, CD4 ili bwino ndipo simukudwala, nthawi zambiri katemerayu amaperekedwa. Ofunikanso kukambirana ndi dokotala asanabayitse ndi amayi apakati, azaka zopitirira 60 ndi amene thupi lawo limadana kwambiri ndi mazira.

Chiphaso chimayamba kugwira ntchito patapita masiku 10 chibayitsire, ndiye musapite kutatsala tsiku limodzi. Kuyambira mu July 2016 katemera mmodzi amawerengedwa wa moyo wonse, wina asakuuzeni kuti watha pa zaka 10. Ma ARV nyamulani opitirira masiku a ulendo, m'chikwama cha m'manja.

Adokotala, adzukulu anga awiri obadwira ku Leeds ku England, wina wa zaka 4 wina 10, akubwera pa Khirisimasi. Tipita nawo kumudzi ku Petauke kenako ku nyanja ya Malawi. Ndiwateteze bwanji?
Agogo a ku Kabwata

Agogo, ana amenewa ndi anu magazi, koma ku malungo ndi alendo enieni, ndipo akubwera m'dzinja, udzudzu utachuluka. Makolo awo akatenge mankhwala oteteza kwa dokotala wa komweko asanakwere ndege. Atovaquone-proguanil ali ndi mapiritsi a ana operekedwa potengera kulemera kwa mwana, pamene doxycycline saperekedwa kwa ana aang'ono. Kukangoyamba kuda alowe m'zovala zazitali, pogona m'neti.

Kunyanja vuto ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi opanda mchere, timalowa pakhungu mwana akungosewera m'mphepete, makamaka pamene pali bango ndi pamene anthu amachapa. Ndikudziwa kuti kuletsa mwana kulowa m'madzi ataona nyanja ndi ntchito. Akalowa, makolo akawayezetse patapita miyezi iwiri kapena itatu ngakhale asaone magazi mu mkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo sagwira bwino akamwedwa tizilombo tisanakule.

Muwauzenso za agalu. Kumene akuchoka galu amagona m'nyumba ndipo mwana amamusisita osaopa. Wa kumudzi akaluma kapena kukanda, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera wa chiwewe, ngakhale mwini galu atalumbira kuti ndi wofatsa.