Zokalika pa galimoto ya ku Japan: zina n'zonenerera mtengo, zina n'zothawa

Achemwali, mwafunsa za Toyota Vitz ya 2013 imene mwaiona kwa ogulitsa magalimoto ku Lilongwe. Mwati bampala yakumbuyo ndi yokalika, chitseko china chili ndi kadenti, magetsi akutsogolo achita chikasu, ndipo mwini malowo akuti akonza zonsezi mukangopereka dipoziti. Ndiye mukufuna kudziwa ngati muitenge kapena mukasake ina yosalala.

Zitatu mwatchulazo sizikundiopsa ayi. Chandiimitsa ndi mawu amene mwangowaponya kumapeto, oti madigadi akutsogolo kumanja akuwala kuposa kwina konse. Tifikapo pamenepo.

Galimoto imeneyi yadutsa zaka khumi. Yayenda m'misewu yopapatiza ya ku Japan, yaimikidwa m'malo othinana, yakwera sitima yapamadzi, yatsikira pa doko la Dar es Salaam, kenako munthu waiyendetsa kudzera pa Songwe ndi kukwera nayo Chiweta, ulendo wa makilomita oposa 1,500 kuti ifike ku Lilongwe. Timiyala ta m'njira timalasa boneti ndi galasi, wina amaigunditsa chitseko pamalo oimika. Galimoto yotere ikakhala yopanda pokalika ngakhale pamodzi, ine ndimayamba kufunsa kuti yasalala bwanji. Pokalika poonekera pamakuuzani zoona zake. Penti watsopano ndi amene amafuna mafunso, paja chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Choyamba pemphani pepala la ku okushoni. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amadutsa pa misika ya okushoni monga USS, ndipo kumeneko woyendera amajambula chithunzi cha galimoto n'kulemba chilema chilichonse pamalo pake. Chilembo A ndi pokalika, U ndi denti, W ndi pamene anakonzapo n'kupenta, S ndi dzimbiri, C ndi dzimbiri lodya chitsulo, XX ndi chiwalo chimene anachichotsa n'kuikapo china. Nambala yotsatira chilembocho imanena kukula kwake: A1 ndi kapang'ono koti polishi amachotsa, A3 ndi pakuya. Pamwamba pa pepalalo pamakhala giredi ya galimoto yonse. Giredi 4.5 kapena 4 ndi yabwino, 3.5 ndi yoti yatumikira ndithu, pamene R kapena RA ikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Si galimoto iliyonse imabwera ndi pepalali, ndipo kusowa kwake pakokha si umboni woti akukunamizani. Koma akakupatsani, yerekezani nambala ya chasisi ya papepala ndi ya pagalimoto, kenako zungulirani nalo m'manja. Ngati pepala likuti pa madigadi paja panali A2 koma lero pali gwa kusalala, ndiye kuti apenta kuno, mwina kungobisa kukalikako. Ngati pepala silikunena kanthu pamenepo koma penti wasiyana, china chake chinachitika galimoto itachoka kale ku okushoni, ndipo wogulitsa akuuzeni chimenecho.

Tsopano madigadi aja. Mupite masana dzuwa lili pamutu, galimoto ili youma. Musaione madzulo, kapena itangotsukidwa kumene, chifukwa madzi amadzaza mokalika ndipo chilichonse chimanyezimira. Imani pakona yakutsogolo, mugwade pang'ono, muyang'ane motsata mbali yonse mpaka kumbuyo. Chitsulo cha kufakitale chimaonetsa chithunzi chowongoka, koma pamene anamatapo fila, phala louma lodzazira madenti, pamachita timafunde. Tengani maginito aang'ono, muwakulunge m'kansalu kuti musakale penti wa eni, muwayendetse pa madigadi onse awiri. Akamagwira mwamphamvu kumanzere koma n'kumaterereka kumanja, pansi pa pentiyo pali fila wochindikala. Pa bampala musavutike, ndi pulasitiki.

Mukatero tsegulani boneti. Mabawuti ogwira madigadi ndi boneti amapentedwa limodzi ndi galimoto kufakitale, ndiye sipanala ikawagwirapo penti wa m'mbali mwake amasupuka. Onani mipata ya pakati pa boneti ndi madigadi ngati ikufanana mbali zonse ziwiri. Onani labala wa m'mphepete mwa galasi ngati wadontheredwa penti. Kusintha madigadi pakokha si mlandu, ndi chinthu chomanga ndi mabawuti basi. Chofunika kudziwa n'chakuti nkhonyayo inalekera pomwepo kapena inalowa mkati. Apa m'pofunika makaniko wanu, osati wa pamalopo, kuti aone zitsulo ziwiri za chasisi zimene zimachokera kutsogolo kulowera pansi pa injini, komanso chitsulo chogwira radiator. Akapeza makwinya, powotcherera pachilendo, kapena phula wakuda wopakidwa mbali imodzi yokha, isiyeni ngakhale atsitse mtengo chotani. Galimoto yopindika chasisi imadya matayala mbali imodzi, imakokera kumbali, ndipo pa ngozi ina sidzakutetezani monga anaipangira. Kumbuyo nako chimodzimodzi: chotsani tayala la sipeya muone pansi pa buti.

Muli pansi pomwepo yang'anani dzimbiri. Kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumagwa chipale chofewa ndipo amathira mchere m'misewu. Galimoto yochokera kumeneko imatha kuwala pamwamba pansi pakudyeka. Dzimbiri lofiirira lapamwamba pa ekizozi n'lachizolowezi. Loti mukakanda ndi sikuludiraiva likugwa makoko, kapena penti wotupa matuza m'munsi mwa zitseko, limenelo silibwerera m'mbuyo. Nunkhizaninso mkati mazenera ali otseka. Fungo la chinyontho, matope ouma m'njanji za mipando, ndi lamba wapampando wothimbirira mukamukoka mpaka kumapeto, ndi zizindikiro za galimoto yomira m'madzi. Zimenezi sizichokera kunja kokha. Namondwe wa Freddy atasefukira ku Blantyre mu March 2023 magalimoto ena anamira konkuno, ndipo mavuto a mawaya a galimoto yotere amadzatulukira patapita miyezi.

Kutha kwa mkati kuli ndi ntchito inanso imene anthu ambiri saiganizira: kumatsutsa kapena kuvomereza makilomita. Galimoto yoti ikuonetsa 60,000 koma chiwongolero chasalala ngati botolo, labala wa pa buleki wadyeka mpaka chitsulo, mpando wa dalaivala waphwa mbali yolowera, pali bodza penapake. Chikalata chotulutsira galimoto ku Japan, export certificate, chimalemba makilomita amene inali nawo pamene ankaiyeza ku boma, choncho pemphani muchione. Pamafelemu a zitseko kapena pansi pa boneti nthawi zambiri pamakhala timapepala tomata tosonyeza tsiku ndi makilomita amene anasinthira oyilo. Zaka zake amalemba mwa kalendala yawo: mukaona H25 ndiye 2013, mumangowonjezera 1988 pa nambala yotsatira H-yo. Kapepala kakamati 110,000 pamene dashibodi ikuti 60,000, mwamaliza kufufuza.

Zotsalazo ndi nkhani ya ndalama chabe, koma zimasiyana kulemera. Magetsi achikasu ndi pulasitiki wopsa ndi dzuwa, amawakwecha n'kuyera tsiku lomwelo, bola mkati musakhale madzi. Pokalika poti chikhadabo sichikodwa pamatha ndi polishi. Kadenti ka pachitseko, ngati penti sanasweke, mungathe kukhala nako mpaka kalekale. Zimene zimaluma m'thumba ndi penti wa padenga ndi pa boneti akayamba kuyeretsuka n'kumasupuka ngati khungu, chifukwa pamenepo mpaka kupenta chiwalo chonse, ndipo dzuwa lathu la October limangokulitsa. Ngati Vitz yanuyo ndi yoyera monyezimira, ija Toyota amaipatsa nambala 070, dziwani kuti penti wake amapaka magawo atatu ndipo opopera ambiri amalephera kufananitsa. Galasi lakutsogolo likakhala ndi mng'alu musalitenge ngati chokongoletsa: umatalika pa mabampu, ndipo mudzavutika nalo pa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi kwa apolisi apamsewu. Matayala nawo muwawerenge. M'mbali mwake muli manambala anayi, monga 2316, kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2016. Ena amabwera ali a nyengo yozizira, olembedwa studless, mano ake ooneka atsopano koma labala wake wofewa, wosachedwa kutha pa phula wotentha wa ku Salima kapena ku Chikwawa.

Pa zoti akonza mukapereka dipoziti, ine ndingakane mwaulemu. Wogulitsa akamakonza ndi ndalama yake amafuna wotchipa ndi wachangu, ndipo inu mudzalandira galimoto yowala osadziwa chimene chili pansi. Kuli bwino mujambule zilema zonse pafoni, mupite nazo kwa owongola magalimoto awiri kapena atatu, ku Biwi aliko ambiri, akuuzeni mtengo, ndiye mubwerere mukanenerere kuti ndalama imeneyo ichoke pa mtengo wa galimoto. Mukatero mudzasankha nokha choti mukonze ndi choti musiye. Ambiri akakhala nayo mwezi umodzi za bampala yokalika amaziiwala, makamaka akangoyamba kupanikizana ndi akabaza ku Area 25 kapena ku depoti.

Ngati akakamira kuti akonza okha, zilembedwe pa pepala la mgwirizano chimodzichimodzi, ndi tsiku lomaliza, ndi mawu oti dipoziti ibwerera ngati sizichitika. Mawu oti galimotoyi sinachitepo ngozi alembedwenso pomwepo, asayine. Zikadzavuta, bungwe la CFTC limalandira madandaulo a ogula, koma limafuna umboni, osati zoti anandiuza pakamwa. Ndipo mukapempha kubwera ndi makaniko wanu kuti aone madigadi aja iwo n'kuyamba kuzengereza, kapena kunena kuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, musiyireni winayo. Ma Vitz mu Lilongwe ndi osayamba.