Funsani Azakhali: Dzina lapakati la Mapalo likhale liti?

FUNSO

Azakhali, ine kwathu ndi ku Katete koma ndinakwatiwa kuno ku Lusaka ndi mwamuna wa Chibemba wochokera ku Kasama, ndipo timakhala ku Chilenje. Mulungu watipatsa mwana wamkazi, ndipo mchombo utagwa apongozi anga anamutcha Mapalo, dzina limene tonse tinalilandira ndi manja awiri. Amuna anga andisiyira ine kuti ndisankhe dzina lapakati. Mtima wanga uli pa Madalitso, koma amayi anga akuumirira kuti mwanayu atchedwe Misozi podzutsa dzina la amayi awo amene anatisiya kalekale. Sindikufuna kuwakhumudwitsa amayi, komanso sindikufuna kuti mwana wanga asenze dzina la maliro. Dzina la bambo ake ndi Chanda. Ndithandizeni tisanapite kukalembetsa chikalata cha kubadwa.

Amake Mapalo, Chilenje

YANKHO

Amake Mapalo, poyamba athokozeni amuna anu, chifukwa pokusiyirani malo apakatiwo akupatsani mwayi umene mabanja ambiri a mitundu iwiri mumzinda uno amautaya osazindikira. Mwana wanu adzakulira ku Chilenje, adzasewera ndi ana a Chitonga, a Chilozi ndi a Chibemba, ndipo pamapepala ake onse dzina loyamba ndi lomaliza lidzaloza ku Kasama. Dzina lapakati ndi lokhalo limene lingauze womuona kuti mwanayu ali ndi mbumba yake ku Katete. Atsogoleri a dziko lino amene makolo awo anachokera kummawa anayenda nawo mayina otere mpaka ku State House: Rupiah Bwezani Banda ndi Edgar Chagwa Lungu ankadziwika ndi mayina oyamba achilendo, koma Bwezani ndi Chagwa ndi amene ankanena kumene mizu yawo inali. Choncho dzinalo likhale la chinenero chanu ndipo lichokere kuchikazi. Apongozi anu sadzadabwa nazo, pakuti Abemba nawonso, monga Achewa, amawerenga mtundu potsata kwa mayi.

Madalitso ndi dzina labwino, koma pano silikukwana. Mapalo m'Chibemba ndi madalitso omwewo, ndiye mwanayo adzakhala ndi dzina limodzi lonenedwa kawiri, ngati mmene zimakhalira kwa ana otchedwa Bupe Mphatso kapena Luyando Chikondi. Komanso mayina onse awiri akuyamba ndi phatikizo lofanana, moti powatchula motsatizana lilime limakodwa. Lisungeni dzinalo, mwina Mulungu adzakupatsani wina.

Nkhani yaikulu ili pa Misozi, ndipo pamenepa ndikupemphani kuti muwamvetse amayi anu musanawakanire. Makolo athu sankatchula dzina pofuna kukometsa khutu ayi, koma ankalemba nalo mbiri ya pakhomo. Mwana wobadwa pa nthawi ya maliro, kapena wotsatira ana amene anamwalira ali aang'ono, ankatchedwa Misozi, Mavuto, Masiye kapena Malizani, ndipo nthawi zina dzinalo linali mawu opita kwa wachibale amene ankamuganizira zoipa. Zikuoneka kuti agogo anu anabadwa pa nthawi yowawa yotere. Koma amayi anu akamatchula Misozi lero sakumva kulira konse, akumva mayi amene anawabereka kumbuyo, kuwaphikira ndi kuwalanga. Chimene akupempha ndi chakuti munthuyo asaiwalike m'banja, ndipo pempho limenelo ndi loyenera. Inunso nkhawa yanu ndi yomveka, chifukwa misozi imene inabweretsa dzinalo si ya mwana uyu, ndipo iye ndi amene adzaliyankhe pasukulu, kuchipatala ndi kuntchito moyo wake wonse.

Ine ndikanakhala inu, sindikanakambirana zimenezi pafoni. Ndikanadikira kuti amayi abwere kudzaona mdzukulu, kapena ndikanatuma atsibweni amene mawu awo amamveka m'banjamo, n'kufunsa mwaulemu ngati malemuwo analibe dzina lina. Akazi ambiri a m'badwo umenewo anali ndi mayina angapo: la paubwana, lina lopatsidwa kuchinamwali, lina la ubatizo, kuwonjezera pa la mfunda monga Naphiri, Nabanda kapena Nambewe limene anthu ankawaitanira tsiku ndi tsiku. Kawirikawiri limodzi mwa amenewa limakhala lokoma, ndipo kulidzutsa kumakwaniritsa zofuna za amayi anu popanda kumusenzetsa mwana chisoni chakale. Ngati palibe lokukomerani, apatseni amayiwo udindo wotchula dzina latsopano okha, muwauze kuti mukufuna loyankha Misozi, losonyeza kuti banja limene linalira kale tsopano lapukutidwa m'maso. Mayina monga Takondwa, Tiyamike, Chimwemwe ndi Chitonthozo amachita ntchito imeneyi bwino. Gogo amene wapatsidwa ulemu wotchula yekha dzina sachedwa kufewa mtima, ndipo palibe choletsa kuti iwo pakhonde pawo azimuitana mdzukuluyo kuti amayi anga, monga agogo ambiri amachitira.

Mukapeza mayina awiri kapena atatu, atchuleni mokweza pamodzi ndi enawo, kuyambira loyamba mpaka lomaliza, ngati mmene mphunzitsi angaitanire m'kalasi. Mapalo lili ndi maphatikizo atatu ndipo Chanda lili ndi awiri, choncho pakati pamafunika dzina lotalikirapo kuti mawu ayende bwino. Mapalo Tiyamike Chanda likumveka bwino kwambiri m'khutu langa. Mapalo Chimwemwe Chanda likugundana pa chi ndi cha, ndipo Mapalo Tadala Chanda lachulukitsa a. Tiyanjane nalonso ndi loyenera mwana wolumikiza Katete ndi Kasama, ngakhale kuti ena akhoza kufunsa ngati panali mkangano, pakuti anthu athu salephera kufufuza chimene chabisala m'dzina. Ngati mumapemphera ku mpingo wa Katolika ndipo mukufuna kuwonjezerapo dzina la woyera pa ubatizo, gwirizanani msanga ngati dzinalo lidzalowe m'mapepala a boma kapena lidzangokhala m'buku la kutchalitchi, chifukwa mayina anayi amavuta kukwana m'mafomu ambiri.

Chotsala ndi kalembedwe, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amalakwitsa. Kuno ku Zambia kalembedwe ka Chinyanja kamene Unduna wa Zamaphunziro unavomereza mu 1977 kamalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, moti dzina limodzi limapezeka ngati Cimwemwe m'buku la kusukulu koma Chimwemwe pa chiphaso. Alembi amene sanakule ndi chinenero chathu amakondanso kusiya h m'mayina monga Mphatso ndi Thokozani. Lembani nokha mayina onse atatu pakapepala ndi zilembo zazikulu, m'ndondomeko imene mwagwirizana, ndipo mupite nako posintha khadi la kusikelo ndi polembetsa chikalata cha kubadwa. Musachoke pawindo musanawerenge zimene mlembi walemba. Mayina omwewo ndi amene adzalowe m'kaundula wa sukulu, pa satifiketi za bungwe loyendetsa mayeso la Examinations Council of Zambia, pa chiphaso cha unzika (NRC) akadzakwanitsa zaka 16, ndiponso pa pasipoti. Chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa mapepala amenewa, kapena dzina lapakati likapezeka pa ena n'kusowa pa ena, mwanayo adzafunika kukalumbira ndi kusainitsa zikalata kuti atsimikize kuti ndi munthu mmodzi yemweyo, ndipo zimenezi zimatulukira pa nthawi yoipa, pamene akufunsira malo kuyunivesite kapena ntchito.

Azakhali