Masters ya speech therapy ndi digiri ya uphunzitsi, zitheka?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena, aphunzitsi a sekondale konkuno ku Mangochi. Ali ndi digiri ya education ya ku Chanco, anapanga zilankhulo, ndiye akufuna masters ya speech therapy yoti azithandiza ana achibwibwi ndi anthu omwe sitiroko inawasokoneza kulankhula. Akufunsa kuti ayambire pati, nanga digiri yawoyo ailandira?

Achemwali, zitheka ndithu, koma musanathamangire ma scholarship dziwani kaye kuti mamasters amenewa ali pawiri, ndipo ambiri amataya ndalama za application pomwepa. Ku Joni, monga ku mayunivesite a Cape Town (UCT), Wits kapena Pretoria, ntchitoyi amaphunzira pa digiri yoyamba ya zaka 4, ndiye masters yawo imakhala ya research, ya anthu oti ndi ma therapist kale. Inu siyanu imeneyo. Yanu ndi ija amati pre-registration, ya zaka 2, yotenga munthu wa digiri ina n'kumufikitsa poona odwala. Ku UK ziliko, monga ku University College London (UCL) ndi Sheffield. Ku Ghana nako University of Ghana ili ndi masters yake, pomwe ku Makerere, ku Uganda, ndi digiri yoyamba, muyambiranso pansi.

Chingerezi musachipeputse poti ndinu aphunzitsi. Bungwe la HCPC lolembetsa ma therapist ku UK limafuna kuti pa mayeso a Chingerezi a IELTS mupeze 8.0, gawo lililonse osatsika 7.5, yokwera kuposa ya ma physio ndi anzawo, ndiye onani zomwe yunivesite yanu ikufuna musanalipire mayeso. Za scholarship ya boma la UK ya Chevening iwalaniko, iwo amalipira masters ya chaka chimodzi basi. Onani ma scholarship a Beit Trust ndi Commonwealth ngati kosi yanuyo ikulowamo chaka chimenecho.

Koma chomwe chimagwetsa anthu kwenikweni ndi kalata ija yofotokoza chifukwa chomwe mukufunira kosiyi. Aliyense amalemba zoti ndimakonda kuthandiza anthu, owerenga anatopa nazo. Pitani pa chipatala cha boma pa Mangochi pompa, mukapemphe kwa a physio kuti muzikhala nawo pa holide, muone ndi maso mayi akumwetsa phala mwana wa cerebral palsy (kulumala kobwera chifukwa cha vuto la mu ubongo), mwana akutsamwa, phala likubwerera pakamwa, mayi akupukuta ndi chitenje n'kuyesanso. Eee, kumeza nakonso ndi ntchito ya speech therapist, ambiri sadziwa. Muonenso ana omwe malungo aakulu aja anawasiya osalankhula bwino. Muzilemba masiku ndi maola m'kope, osalemba mayina a odwala, ndipo amene akukuyang'aniraniyo ndi yemwe adzakulembereni reference, ina ichokere kwa lekichala wanu wakale.

Mwanena kuti kwanu mumalankhula Chiyao, chimenecho chiikeni pamwamba penipeni. Mayeso ambiri oyezera kalankhulidwe ka munthu anapangidwa m'Chingerezi, ndiye agogo a ku Namwera oti sitiroko yawagwira simungawayeze ndi zithunzi za chipale ndi sitima zapansi, pamafunika munthu womva kuti apa asowa liwu, apa angosakaniza Chiyao ndi Chichewa ngati mmene tonse timachitira pamsika.

Transcript itanitsani pompano chifukwa imatenga nthawi, pasipoti nayonso. Ndipo musanalipire kalikonse, lemberani a Medical Council of Malawi muwafunse ngati pepala la kosi mwasankhayo adzalilandire mukadzabwerako.