Kwa achemwali amene akufuna kuyamba geni ya ku Chipata

Achemwali mwafunsa kuti mwatenga kampamba ku banki mkhonde ndiye mukufuna muzikaoda katundu ku Chipata kudzagulitsa kuno ku Mchinji, zimayenda bwanji. Ine msewu umenewu ndauyenda zaka ndithu ndiye ndikuuzani mmene ndimaonera.

Za paboda sizovuta kwenikweni. Kuchoka pa boma kukafika pa Mwami ndi kanthawi kochepa, mukadinditsa mumakwera taxi mpaka mtauni. Chitsegulireni boda yatsopano ija mu December 2022, a MRA ndi anzawo amisonkho aku Zambia a ZRA ali malo amodzi, mumaima kamodzi basi. Kuli dongosolo la COMESA la ife amalonda ang'onoang'ono, amati STR, katundu wopangidwa ku Zambia konko amene ali pa mndandanda wawo simulipira duty, koma VAT imakhalapobe. Katundu waku China amene akungogulitsidwa ku Chipata salowa mmenemo, musadzakangane nawo pachabe. Anyamata akakuuzani kuti tidutse njira zamtchire pa njinga muwakane, tsiku limodzi adzakulandani zonse.

Koma chimene chimagwetsa anthu si boda ayi, ndi rate. Inu mukugulitsa mu kwacha yathu koma mukukaoda mu kwacha ya Zambia, ndipo ndalama ziwirizi zimayezedwa ndi dola, olo inuyo dolayo simunaigwirepo chibadwire. Ku banki akuuzani rate yabwino pa chikwangwani, mukapempha ndalamayo akuti palibe kapena bwerani ndi mapepala, ndiye ambiri amathera kwa anyamata osintha ndalama paboda, amene mtengo wawo ndi wina ndipo umasintha mmawa ndi madzulo. Dziwaninso kuti kusintha ndalama kwa anyamatawo lamulo sililola, ndipo ena ali ndi manja achangu powerenga.

Ine ndinaphunzira ndi misozi mu November 2023. Ndinali nditangongoletsa katundu wanga pafupifupi yense, zitenje ndi mabulangete, kwa makasitomala anga oti amalipira mwezi ukatha. Kungodzuka tsiku lina kumva pa wailesi kuti Reserve Bank yagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola yachoka cha pa K1,180 kufika K1,700. Anthu anandilipira bwinobwino palibe anandithawa, mubuku phindu likuoneka, koma nditafika ku msika wa Kapata ku Chipata ndalama yomweyo inagula katundu wochepa kuposa ulendo wapitawo. Chonsecho mu May 2022 anali atagwetsanso ndi 25 peresenti, ine osaphunzirapo kanthu. Kuyambira pamenepo mtengo sindiika poona kuti ndinagula zingati, ndimaika poona kuti kukaodanso katundu yemweyo lero ndi zingati. Ngongole yodutsa masabata awiri sindipereka, kaya ndi apongozi. Ndalama ikalowa sindigona nayo, ndimaisandutsa katundu msanga.

Mwina mukuti za Reserve Bank zikundikhudza bwanji ine wa zitenje. Zinthu zikamakwera mitengo iwo amakweza chiongoladzanja, mu 2024 anafika nacho pa 26 peresenti, ndiye mabanki amaonjezera pawo, ngongole imadula, mabwana a mashopu aja amasiya kuoda zambiri, makasitomala nawonso mthumba mulibe. Inu muwerengere chiongoladzanja cha banki mkhonde yanuyo pamwezi, kenako muone ngati katundu wanu angathe mwezi usanathe. Ngati sangathe ndiye mukugwirira ntchito gulu.

Nyengonso muziiona. Madola athu ambiri amachokera ku fodya, msika ukatsegula cha mu April ku Kanengo ndi ku Chinkhoma zinthu zimapepukako pang'ono ndipo alimi amakhala ndi ndalama, katundu amayenda. Kufika October, November dziko likufuna madola ogulira feteleza ndi mafuta, ndi pamene rate imalusa. Anzathu aku Zambia awo ndi kopa, mtengo wa kopa ukakwera kunja kwacha yawo imalimba ndiye ifeyo ndi amene timalira chifukwa katundu yemweyo watidulira iwo asanakweze nkomwe. Mu 2024 chilala chitawakhudza, madzi ku Kariba atachepa, magetsi ankathima maola ambirimbiri, zinthu zina zinasowa.

Zakunja kwenikweniko nazonso zimafika mpaka pa Kamwendo. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu February 2022 munaona nokha mafuta ophikira, feteleza ndi petulo mmene zinakwerera, transport inakwera, ndipo chaka chomwecho banki yaikulu yaku America inayamba kukweza chiongoladzanja mpaka kudutsa 5 peresenti mu 2023, dola inalimba, tindalama ta maiko athu tinafooka. Ine sindinapite patali ndi sukulu koma ndikamva kuti a IMF abwera ku Lilongwe kudzakambirana ndi boma ndimathamanga kukatolera ngongole zanga, chifukwa kugwa kwa 2023 kuja kunabwera masiku ochepa pulogalamu yawo yobwereketsa boma ndalama isanavomerezedwe.

Ulendo woyamba musatenge mpamba onse, tengani theka, muode zinthu zoti zimatha msanga, ndipo musanakwere galimoto funsani rate kwa anthu atatu osiyana. Ine ndikupita Lachiwiri mmamawa, ngati pasipoti kapena border pass yanu ili bwino tiyeni tipitire limodzi mukaone nokha.